Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Dokotala Makwinja andisiyira mafunso khumi ndi anayi
pa pepala lodonthera tiyi.
Akuti, "Uwaike pa tsamba la chipatala chathu,
amuna aziyankha okha pa foni.
Kaikidwe kake uona wekha."
Atsika masitepe, makiyi akulira m'thumba.

Ndatsala ndekha pamwamba pa sitolo ya matayala ku Ginnery Corner,
chiperoni chikunyambita zenera,
Soche wafunda mpaka kumutu.

Poyamba ndinawandandalika onse pamodzi
ngati ngongole za m'kope la pa golosale,
n'kuitana a Likoswe, alonda athu, kuti ayese.
Chala chawo chinatsetsereka bwinobwino,
zaka, sikelo, fodya, mowa,
mpaka pa funso lachisanu ndi chiwiri.
Apo chinaima njii
ngati minibasi yaona apolisi pa Kamba.
Anandibwezera foni chozondotsa:
"Mwanawe, maso anga anatha."
Chonsecho nyuzipepala amaiwerenga mpaka tizilembo ta pansi,
opanda mandala.

Funsolo ndi la usiku:
mumadzuka kangati kukataya madzi,
nanga m'nyumbamo, moto ukuyakabe?
Adokotala analemba m'Chingerezi, mawu ali mbulanda.
M'Chichewa ndiwaveke chiyani,
ine mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo?
Ndikawaveka jekete ndi tayi, bambo sawazindikira.
Ndikawavula, bambo athawa.

Ndiye ndayambiranso.

Chithunzi cha mzungu wa mano oyera akuthamanga pa kapinga
ndachichotsa.
Chimangodya bandulo,
ndipo wa kabaza wa ku Ndirande sadzionapo nkhope.
Bokosi la dzina ndinalikankhira kumapeto,
kenako ndinalifufutiratu;
munthu akatchula dzina la bambo ake
amayamba kuyankha ngati ali pa bwalo la milandu.

Funso limodzi, tsamba limodzi.
Lizibwera lokha, mwakachetechete,
ngati mnzako wokukokera pambali pa maliro
n'kukufunsa maso ali kwina.

Ndakumbukiranso kuti foni ya bambo si ya bambo okha.
Madzulo mwana aseweretsa,
mayi alandirirapo za banki m'khonde,
mlamu abwereka kuti aimbe kumudzi.
Ndaika kabatani kofiira pakona:
ukakagunda, zonse zafufutika,
patsala zigoli za mpira wa dzulo.

Adokotala anapereka mayankho awiri, Eya ndi Ayi.
Koma ndani kuno anadwalapo n'kunena kuti eya?
Amalume anga a Binali, telala wa ku Limbe,
zaka zitatu ankati "pang'ono chabe,"
akudzuka kasanu usiku,
akusoka choimirira chifukwa mpando unkawawawa,
mpaka tsiku lomwe tinawanyamula pa lole ya makala
kupita ku Gulupu, mochedwa.
Makina awo ali kwathu, afundira chitenje.

Choncho pakati pa Eya ndi Ayi
ndatsegula kakhomo kachitatu: Pang'ono.
Mawa ndikawauza adokotala
kuti Pang'ono aziwerenga ngati kukuwa.

Magetsi athima ndisanasankhe mtundu.
Ndasiya wobiriwira womwewo,
ndatumiza ndi moto wotsala m'batire,
n'kukakwera ya ku Chilobwe, mutu uli waa.

M'mawa ndapeza yankho loyamba.
Lalowa usiku, nthawi itangopitirira 2 koloko.
Dzina palibe. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi.
Fodya, ayi. Mowa, ayi.
Funso lachisanu ndi chiwiri: Pang'ono.
Ndipo pansi, pofunsa ngati afuna kuonana ndi dokotala,
chala chinafika, n'kugunda.

Blantyre ndi wamkulu,
amuna osagona usiku ndi ambiri.
Pa geti a Likoswe akupinda chikhoti chawo,
akuti kuzizira kwa chaka chino n'kwachilendo.
Ndavomera kuti n'kwachilendodi,
ndawapatsa chitumbuwa chimodzi mwa ziwiri zanga,
n'kukwera masitepe osacheuka.